Chimene Chinakankha Chalo

Samueli anali atafotokoza kale nkhaniyi kangapo, koma anthu a pamaliro ankangomuuza kuti abwereze, ndipo iye ankabwereza, mkono wake wamanja uli m'nsalu yokoleka m'khosi.

"Ine sindinamwe kanthu, abale anga, ngakhale kadontho. Tinali awiri kumbuyo kwa ngolovani, ine ndi malemuwa. Titafika pokhota paja ndinaona Che Useni akukweza dzanja, chonchi. Pomwepo chinthu chinatikankha. Si mphepo ayi, mphepo ndimaidziwa. Chinandigwira m'nthiti muno n'kundikankhira kumanja. Ine ndinakakamira chitsulo mpaka phewa kuguluka. Mnzanga Chalo chinangomunyamula."

Azimayi amene anakhala pakhomo pa namfedwa anayambiranso kulira. Azibambo anayang'anana, kenaka onse anaponya maso kumapeto kwa mzere wa nyumba za komboni, kumene kunali chitseko cha Che Useni. Palibe amene anatchula mawu aja, pakuti lamulo la boma linkaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Koma aliyense anawamva.

Chinali chaka cha 1954, pa mgodi wina wa golide kudziko la eni, pakati pa matauni a Gatuma ndi Hatile, pamene antchito ambiri anali ochokera ku Nyasalande. Miyala ikatuluka pansi ankaithira m'ngolovani, ngolo zachitsulo zoyenda pa kanjanji kakang'ono, ndipo ngolozo zinkatsetsereka zokha kupita ku chigayo cha miyala kumunsi. Amuna awiri ankaima kumbuyo pa kachitsulo kopondapo, mmodzi atagwira mtengo wa buleki wokanikiza gudumu. Pakati pa ulendo njanji inkakhotera kumanzere pamwamba pa chimulu cha dothi, ndipo m'munsi mwa chimulucho munali miyala yokhayokha. Loweruka masana Chalo anagwera pamenepo n'kuswa mutu.

Che Useni anali mdala wachiyao wa ku Liwonde, mchona weniweni, amene anachoka kwawo asanamere ndevu ndipo sanabwerereko. Fumbi la pansi litamudya chifuwa, kampani inamupatsa ntchito yosesa miyala pa njanji ndi kupaka girisi pokhota paja. Analibe mkazi, analibe mwana. Anali ndi kadimba kake kumtsinje, ndipo sabata lapitalo anakangana ndi Chalo pa nkhani ya ngalande ya madzi, mpaka mdalayo anati, "Udzaona." Mawu amenewa m'komboni munthu ankawamva m'mawa ndi madzulo, kwa amayi akukalipira ana, kwa amuna pa mowa, ngakhale kwa munthu akukalipira galu. Koma tsopano aliyense anakumbukira kuti anawamva kwa Che Useni yekha.

Morrison anakhala kumbuyo kwa gulu, akumvetsera mlamu wakeyo. Iye ndiye anakwatira Eliness, mlongo wake wa Samueli. Anafika Sitandade Sikisi pa sukulu ya mishoni, ndipo ntchito yake inali yonyamula tepi ndi zikhomo za injiniya wa pamgodi, mzungu amene anthu ankamutcha Magalasi. Anzake ankamuseka Morrison kuti ndi Bwana Inchi, chifukwa ngakhale pogula nzimbe ankayamba wayeza ndi chikhatho. Nkhani ya Samueli inamusowetsa mtendere. Sankaganiza kuti mlamu wake akunama. Chimene chinkamuvuta n'chakuti ankaona kuti akunena zoona.

Lolemba m'mawa Magalasi anamutenga kupita pokhota paja, chifukwa woyendera migodi wa boma ankafuna chojambula chosonyeza pamene ngozi inachitikira. Chapafupi panali chikhomo chachitsulo chozikidwa m'simenti, chimene miyezo yonse ya pamgodi inkayambira.

"Faka tepi pa chikhomo," anatero Magalasi. "Tiyeza kum'mawa, tiyeza kumpoto. Pamene anagona munthu, pamene inaima ngolo, pamene anaima madala wosesa uja. Basi."

Morrison anakoka tepi uku ndi uku, akutchula manambala, mzunguyo akulemba. Atatha anafunsa mwaulemu, "Bwana, pa njanji sitiyeza?"

Anafunsa chifukwa Magalasi yemweyo ndiye anamuphunzitsa. Munthuyu sanali wochezeka, koma akayamba kukamba za ntchito yake ankaiwala kuti akulankhula ndi ndani. Tsiku lina, akupumula pamthunzi, anamuuza kuti chinthu choyenda mokhota munthu angachiyeze ataima malo atatu. Angaime pa chikhomo n'kumawerenga kuti chapita bwanji kum'mawa ndi kumpoto. Angaime pakati, ngati chikhomo chomangapo mbuzi, n'kumayeza kutalika kwa chingwe ndi mmene mbuziyo yazungulirira. Kapena angakwere chinthucho n'kumayenda nacho, akufunsa zinthu ziwiri zokha: tikuthamanga bwanji kutsogolo, ndipo njira ikutikhotetsa bwanji m'mbali. Malo onsewo sanama, anatero, koma funso lililonse lili ndi malo ake, ndipo ukaima polakwika masamu adzakutopetsa tsiku lonse osakuuza chimene ukufuna.

"Ikona, ayi," anayankha Magalasi tsopano, akupukuta magalasi akewo ndi malaya. "Boma lafunsa pamene zinthu zinagona. Silinafunse mmene zinkayendera. Munthu anaterereka, anagwa. Chikhomo chakwana." Anakulunga pepala lake n'kukwera kupita ku ofesi, atamusiya Morrison kuti asonkhanitse zida.

Morrison sanazisonkhanitse msanga. Anakwera pa chimulu, n'kuima pakati pa njanji, nkhope kuloza kumunsi monga mmene amaimira wokwera ngolovani. Anamanga chingwe pa njanji ya kumanja, pamene inali idakali yowongoka, n'kuchikoka motsata kuwongokako. Njanji inayamba kukhotera kumanzere, koma iye sanakhote nayo. Anatsika chimulu chingwe chili m'manja, analumpha ngalande, napitirira. Chingwe chinakathera pa mwala womwe uja umene unali udakali ndi magazi ouma.

Anakhala pansi pomwepo. Chalo sanaponyedwe m'mbali. Anangopitirira kumene ankapita kale, ndipo ngolo ndiyo inamuthawa kumapazi n'kukhotera kumanzere. Munthu amene ali pa ngolo angalumbire kuti china chamukankhira kumanja, ndipo sakunama, thupi lake lamvadi choncho. Koma munthu woima pansi sangaone chokankha chilichonse.

Zikanathera pomwepo bwenzi atakondwa. Koma m'munsi mwa chimulu munali mzere wa timiyala timene tinkagwa m'ngolo tsiku ndi tsiku, ndipo tonse tinagona pafupi, tisanafike n'komwe pa ngalande. Chalo anagwera kutsidya, kutali kwambiri. Ngolo yogwidwa buleki singatumize munthu kumeneko.

Ndipo Morrison ankadziwa chifukwa chake, monga mmene aliyense pamgodipo ankadziwira. Loweruka masana ndi pamene kampani inkagawa nyama. Oyamba pa mzere ankatenga mnofu, omaliza ankabwerera ndi mafupa ndi mapapo. Choncho amene agwera ngolovani yomaliza ya Loweruka ankanyamula mtengo wa buleki n'kungoisiya ngoloyo iuluke. Unali mwambo wawo, ankachita kunyadirana nawo pa mowa, ndipo panalibe wokankha ngolo ndi mmodzi yemwe amene anali asanachitepo.

Madzulo a Lolemba lomwelo, dzuwa lisanalowe, Samueli anabwera kudzadya kwa mlongo wake, popeza mkazi wake anali kuthandiza kwa namfedwa. Eliness ankamudulira ndiwo chifukwa cha mkono uja. Morrison anadikira kuti asambe m'manja.

"Alamu, buleki munagwira?"

Samueli anaseka pang'ono. "Mwayamba kuyeza anthu tsopano, Bwana Inchi?"

"Ndafunsa chabe. Munagwira?"

"Linali Loweruka, alamu. Mukufuna ndikuuzeni chiyani? Chaka chonse ndakhala ndikutsika chonchija, palibe chinachitika. Chalo mwini wake ndiye ankafuula kuti isiye, isiye, tikapeze chiwindi." Anadzigwira m'nthiti. "Koma chinatikankha. Ndikulumbira pa manda a amayi. Inu simunalipo."

"Ndikukukhulupirirani. Chimene munamvacho ndi kukhota kwa njanji. Ukathamanga kawiri, chimakula kanayi. Sichichokera kwa munthu."

Eliness anaika mbale pansi mwamphamvu. "A bambo a Aida, nsima ikuzizira. Zimenezi mukufuna kukazinena kuti?"

"Lamulungu sosaite yathu ya maliro ikukumana. Akufuna kutumiza anthu kwa bwana wa komboni kuti achotse Che Useni. Munthu uja alibe kopita, mayi a Aida. Ku Liwonde amene ankamudziwa anatha kale."

"Nanga uyu ali nako kopita? Ali ndi ana ang'onoang'ono. Mukangotchula buleki, Obed wapolisi uja amakhala momwemo mu sosaite, mawa lake zili ku ofesi. Amulembera zoipa pa chitupa, ndiye mgodi uti udzamulandire? Mdala uja ndi ndani wanu? Ngakhale tchalitchi sitipemphera limodzi."

"Sanaphe munthu."

"Achimwene anga anapha?"

Samueli anadzuka osamaliza kudya. Eliness anamuperekeza mpaka pa mpopi, ndipo pobwera maso ake anali ofiira.

Sabata imeneyo inali yonyansa, ndipo anthu amene ankaimba bwino kwambiri m'tchalitchi ndi amene anatsogola. Che Useni akafika pa mpopi, azimayi ankanyamula ndowa zawo zosadzadza n'kumapita. Ana anauzidwa kuti asadutse pakhomo pake. Lachitatu anapeza dimba lake lonse litazulidwa, tomato ndi mpiru zili mbwee padzuwa. Lachisanu m'mawa pa chitseko pake panali minga ndi phulusa.

Morrison anamupeza pokhota paja, akusesa njanji ndi katsache kake, akutsokomola chifuwa chija chouma.

"Che Useni, dzanja lija munakweza chifukwa chiyani?"

Mdalayo anamuyang'ana ngati wafunsidwa chifukwa chimene anthu amamwera madzi. "Kuti achepetse. Loweruka lililonse ndimakweza. Loweruka lililonse amandiseka." Anapumira pa tsache. "Mwanawe, usaime nane pano, akuona. Ine ndikungopempha kuti andisiye ndifere pamgodi pompano. Pali anzanga achisilamu angapo, iwo adzandisambitsa n'kundiika moyenera. Ku mafamu adzangondikwirira ngati galu."

Mawu amenewa ndi amene Morrison anapita nawo kunyumba. Anali ndi mantha, ndipo mtima unkamuwawa chifukwa cha mkazi wake, koma sanathe kuwaiwala.

Lamulungu masana sosaite ya maliro inakumana pansi pa mtengo waukulu kuseri kwa holo ya mowa. Wapampando anali a Lazaro, kapitawo wa pansi, munthu wathupi ndi wa mawu aakulu. Dyness, mkazi wa malemu Chalo, anakhala pa mphasa pakati pa azimayi. Obed, polisi wa komboni, anakhala pa benchi atavula chipewa, ngati membala wamba. Che Useni anakhala yekha patali, pa mwala. A Lazaro analankhula mozungulira monga mwa nthawi zonse: kuti mitima ya anthu siili m'malo, kuti ana sakugona, kuti mwina n'kwabwino munthu wina akapumule kwina.

Ali m'kati molankhula, Morrison anatulukira akukankha wilibala, m'kati muli thabwa ndi dzungu.

"Bwana Inchi wayamba malonda!" anafuula wina, ndipo anthu anaseka koyamba chichitikireni maliro.

"Akuluakulu, ndikupempha kanthawi kochepa," anatero Morrison. "A Lazaro, mungakwere muno?"

"Ine? Wandiona ngati thumba la simenti?"

"Inu ndiye anthu angakukhulupirireni."

A Lazaro anang'ung'udza, koma anthu anawalimbikitsa ndi phokoso mpaka anakhala m'wilibalamo, mawondo ali kuchibwano. Morrison analemba mzere wowongoka pa dothi ndi chidendene, kenaka anaukhotetsera kumanzere. Anabwerera kumbuyo, nathamanga ndi wilibala motsata mzerewo, ndipo pokhota anatembenuza mwamphamvu. A Lazaro anapendekekera kumanja n'kugwira m'mphepete ndi manja onse.

"Iwe! Wandikankhiranji?"

"Manja anga onse anali pa zogwirira. Amene mwaima apo, mwaona munthu akuwakankha?"

"Ayi!" anayankha anthu, akuseka.

"Koma ine ndamva," anatero a Lazaro, akutsika. "Muno m'nthiti."

"Alamu anga anamvanso momwemo."

Kuseka kunatha. Morrison anagoneka thabwa pamwamba pa wilibala, naika dzungu pa thabwalo, nauza anthu kuti asayang'ane wilibala koma ayang'ane dzungu ndi mzere wa pansi. Poyamba anayenda pang'onopang'ono, ndipo pokhota dzungu linangogubuduka pang'ono n'kugwera pafupi ndi gudumu. Kachiwiri anathamanga. Wilibala inakhotera kumanzere, dzungu linapitirira molunjika kumene mzere wowongoka unkaloza, n'kukaphulika patali.

Mayi wina anaphimba nkhope ndi nsalu, ndipo Morrison anazindikira mochedwa kuti akanasankha chinthu china, osati dzungu.

"Wokwera akuti wakankhidwa," anatero, mawu atatsika. "Woima pansi akuona kuti ngolo ndiyo yakhota, munthu wapita molunjika. Onse akunena zoona, kungoti aima malo osiyana. Ndinakoka chingwe pa njanji, chinakafika pa mwala womwe uja. Palibe dzanja la munthu pamenepa. Ndi liwiro basi."

"Liwiro lanji, popeza pali buleki?" anafunsa Obed mofatsa.

Aliyense ankalidziwa yankho, ndipo aliyense anayang'ana pansi. Morrison anayang'ana kwa azimayi. Eliness ankamuyang'anitsitsa osaphethira.

"Linali Loweruka," anatero Morrison. "Ngolo yomaliza."

Okankha ngolo anayamba kung'ung'udza. Mwambo wawo unali utatchulidwa poyera, pamaso pa polisi, ndipo zimenezi zinawapsetsa mtima kuposa imfa ya mnzawo. Pamenepo Dyness anaimirira. Sanalire, sanakweze mawu.

"Achimwene a Morrison, ndamva, ndipo ndaona. Ngolo inathamanga, njanji inakhota. Koma mwanena nokha kuti ndi Loweruka lililonse. Ndiye ndiuzeni. Bwanji anagwa ndi amuna anga, osati wina? Bwanji Loweruka lomwe lija, atangouzidwa kumene kuti adzaona?"

Morrison akanatha kunena kuti Chalo anaima mbali ya kunja, kuti mwina anagwira ndi dzanja limodzi, kuti chinthu chimene chimachitika kawirikawiri tsiku lina chimalakwika. Koma anaona kuti mayiyo sakufunsa zimenezo.

"Mlongo wanga, zimenezo tepi yanga siyeza."

"Mwamva!" anafuula wokankha ngolo wina. "Wavomera yekha!"

Samueli analumpha, misozi ili mbwembwembwe. "Buleki ndinafuna kugwira! Ndinafuna! Koma dzanja lija litangokwera, mkono wanga unalemera ngati mtondo!" Kaya ankanama, kaya pofika tsikulo anali atazikhulupirira yekha, palibe angadziwe. Anthu anailandira nkhaniyo ndi manja awiri. Tsopano zonse zinagwirizana bwino: njanji inakhota monga ananenera Bwana Inchi, ngolo inathamanga monga ananenera Bwana Inchi, ndipo amene anamanga mkono wa Samueli ankadziwika.

Che Useni anaimirira pa mwala wake n'kunena kuti iye ankangowauza kuti achepetse, koma chifuwa chinamugwira pakati pa mawu, ndipo phokoso linamumiza. A Lazaro anasankha anthu oti apite ku ofesi. Obed anavala chipewa chake.

Bwana wa komboni sankakhulupirira za ufiti, koma ankakonda komboni yabata. Lolemba anaitana Samueli, namulembera pa chitupa kuti wachotsedwa chifukwa cha kusasamala kumene kunaphetsa munthu. Anaitananso Che Useni, namuuza kuti wakalamba, chifuwa chake chakula, ndipo nyumba yake ikufunika kwa munthu wamphamvu. Onse awiri anauzidwa kuti pofika Lachitatu akhale atatuluka. Magalasi anangomuuza Morrison kuti chojambula chija boma lachilandira, ndipo kuti tsiku lina aziyamba wafunsa asanatenge wilibala ya kampani.

Lachitatu m'mawa Samueli ndi banja lake anakwera ngolo ya ng'ombe kupita ku siteshoni ya Gatuma. Theka la komboni linawaperekeza mpaka pa geti, azimayi akulira, ena akupatsa ana mbatata zootcha za pa ulendo. Morrison atafuna kunyamula bokosi, Eliness analigwira mbali inayo.

"Siyani. Mungaliyeze."

Eliness anakwera nawo ngoloyo, Aida ali kumsana, osanena tsiku lobwera.

Che Useni anatulukira geti la kumbuyo, ndipo womuperekeza anali Morrison yekha, atamunyamulira mtolo wake. Anzake achisilamu aja anabwera m'mamawa kudzatsanzikana naye mobisa, koma nawonso anali ndi ana ndi ntchito. Awiriwo anayenda pang'onopang'ono mpaka pa msewu waukulu, akuima kawirikawiri kuti mdalayo apume.

"Mulowera kuti, Che Useni? Ku Hatile kapena ku Gatuma?"

"Kumene ikupita galimoto yoyamba kuima."

Anakhala m'mphepete mwa msewu. Morrison anafuna kupepesa, koma sanadziwe kuti apepese chiyani, kulankhula kapena kulephera. Pomaliza anati, "Ndinayesa. Ndangoonongetsa zambiri."

"Unayesa," anavomera mdalayo. "Pa anthu onse aja, mmodzi akudziwa kuti sindinaphe munthu. Zimenezo zikwanira kuti ndizigona tulo, mwanawe. Kungoti sizinakwanire kuti ndikhale ndi pogona."

Dzuwa litakwera inaima lole ya pa famu ya fodya, yolowera cha ku Hatile. Dalaivala, Mnyasa mnzawo, anati kupitirira uko, cha ku Selous, kuli mzungu amene akufuna mlonda wa pa zigafa, ndipo safunsa za chitupa kapena za msinkhu. Morrison anamukweza mdalayo kumbuyo, pakati pa migolo ya mafuta, namuponyera mtolo wake. Anali wopepuka ngati mwana.

Lole inanyamuka. Morrison anaima pamsewu mpaka fumbi litatha, ndipo ndi pamene anakumbukira kuti sanafunse dzina la famuyo. Unali mwezi wa Juni, kuzizira kunali kutangoyamba kumene, ndipo mu mtolo muja munali bulangete limodzi.